Uthenga Wochokera kwa Zubbaloo

Makina opetera anali pa jekete lomaliza pamene Consuelo Barragán analephera kudzigwira.

"Tandiuzenso, mwananga, dzinali akuti chiyani?"

"Zubbaloo, amayi. Mwapeta majekete onsewa osaliwerenga?"

"Kuwerenga ndawerenga. Ndikufunsa kuti n'chiyani. Ndi nyama? Kapena mankhwala a chifuwa?"

Noemi, mwana wake yekhayo, anaseka uku akupinda majekete n'kumawalongedza m'katoni. "Silitanthauza kanthu, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Mayina onse omveka anthu anatenga kale pa intaneti. Anyamata aja anauza kompyuta kuti ipeke mayina, iyo n'kulavula mazanamazana, ndiye anasankha lomwe linali lisanatengedwe."

"Anthu ophunzira onsewo, kupatsidwa dzina ndi makina."

"Dzina lachilendo anthu saliiwala msanga."

Consuelo sanatsutse, pakuti mayina achilendowo ndi amene ankamudyetsa. Chiyambire pamene mnyamata aliyense wa ku Redwood City wokhala ndi kompyuta ndi galaja anayamba kudzitcha mwini kampani, shopu yake ya mumsewu wa Middlefield sinkapuma. Kampani isanapeze kasitomala ndi mmodzi yemwe, inkayamba yagula kaye majekete ofunda opanda mikono, dzina lili pachifuwa. Aliyense wobwera ndi oda ankakumana ndi funso lomwelomwelo: "Ndiye inuyo mumapanga chiyani kwenikweni?" Sikuti ankafunsa mwachipongwe ayi. Mayiyu anabadwa ndi chidwi chosatha, ndipo mayankho ake ankamusangalatsa kuposa wailesi. Wina ankagulitsa chakudya cha agalu pa intaneti. Wina ankati adzatumiza fungo la maluwa kudzera pa kompyuta. Wina anafotokoza kwa theka la ola, pomaliza n'kuvomera kuti nayenso sakudziwa.

Pakhoma panali bolodi pomwe ankabayapo kachigamba ka dzina lililonse lomwe anapeta: Glimbo, Fweep, Yakkadoo, Snorbit. Kampani ikafa, ankatsitsa kachigamba kake n'kukabaya mumzere wapansi, womwe iye ankautcha kumanda. Chaka chimenecho cha 2000 kumanda kunali kutayamba kudzaza.

N'chifukwa chake mtima sunamukhale m'malo pamene Noemi anasiya ntchito yake ya ku laibulale n'kulowa Zubbaloo. Ntchito ya kampaniyo inali yoitanira anthu kumaphwando. Umalemba tsiku ndi malo, n'kuikamo maimelo a oitanidwa, iwowo n'kudina kabatani kovomera ndi kusankha chakudya chomwe adzabweretse. Ndipo phwando linalipo lenileni: a Eusebio, bambo ake a Consuelo, ankakwanitsa zaka 80 Loweruka la sabata yotsatira. Holo ya kutchalitchi inali itapezeka kale. Noemi anapempha kuti zoitana anthu amusiyire.

"Ndatumiza kale kwa anthu 64," anatero akunyamula katoni. "Koma amayi, chonde, musaimbire munthu foni. Mukaimba mwaononga zonse. Kuntchito akufuna aone ngati banja wamba lingathe kuigwiritsa ntchito palokha."

"Ndiye banja wambalo ndi ife?"

"Amayi, lonjezani."

Consuelo anayang'ana nkhope ya mwana wake, yonyezimira ngati ya munthu amene wangobatizidwa kumene, ndipo analonjeza. Kachigamba ka Zubbaloo anakabaya mumzere wapamwamba.

Lachiwiri la sabata ya phwando, a Eusebio anafika pashopu mamawa monga mwa masiku onse, koma atavala chipewa chatsopano chotuwa. Anachivula, n'kuchiyang'ana, n'kuchivalanso asanakhale pampando wawo wapawindo.

"Cha Loweruka ichi," anatero. "Ndangoti chizolowere mutu."

"Chakukhalani, ababa."

"Ndakonzanso mawu pang'ono oti ndikayankhule. Ndikanena za kufakitale kuja tinkaika mapichesi m'zitini, ine ndi Amador Cisneros. Anawa sadziwa kuti pomwe pali maofesi awo agalasiwa panali minda ya zipatso." Kenako anatembenukira kwa Consuelo. "Mkulu wako Griselda akuti abweretsa chiyani? Matamale ake aja a ufa wa chimanga ndi nyama, okulunga m'makoko?"

"Akukonza," anayankha Consuelo, maso ali pa ulusi.

Apo m'pamene anazindikira chomwe chinkamusowetsa mtendere masiku onsewo. Foni sinkalira. M'banja mwawo phwando likayandikira foni inkatentha: uyu akudandaula kuti amupatsa zophika zambiri, uyo akufunsa ngati mlamu amene anayambana naye adzakhalepo, wina akungofuna kudziwa zomwe anzake adzavale. Koma kwatsala masiku anayi, foni inali zii. Anayang'ana chipewa cha bambo ake n'kuona m'maganizo mwake holo yaikulu ija, mipando ili ndandanda, nkhalamba ili yokha kutsogolo ndi kapepala ka mawu m'manja. Anachita mantha.

A Eusebio atapita kukawongola miyendo, anaimbira Noemi kuntchito. Mwana wake yekha sanali m'gulu la oletsedwa.

"Avomera angati?"

"Atatu."

"Atatu! Ndani ndi ndani?"

"Ine, mnzanga wa kuno kuntchito, ndi wina sindikumudziwa. Imelo yake ndi durazno47."

"Durazno m'chinenero chathu ndi pichesi. Munthu wodzitcha pichesi? Si m'bale wathu ameneyo."

"Anthu amayankha tsiku lomaliza, amayi. Zimatero," anatero Noemi, koma mawu ake anali opyapyala.

Consuelo anaika foni pansi n'kuyamba kudzizenga mlandu yekha. Analonjeza kuti saimbira munthu. Sanalonjeze kuti sapita kukacheza kwa mkulu wake. Komanso, kunena zoona, mantha anali ndi mnzake: ankafunitsitsa kudziwa kuti chinthucho chimaoneka bwanji chikafika m'nyumba ya munthu. Masana anatseka shopu n'kulunjika kwa Griselda.

Anamupeza akuthirira tsabola kuseri kwa nyumba. Griselda sanasiye n'komwe paipi.

"Eee, mwatikumbukira lero, abwana a majekete?"

"Bwanjinso, achemwali?"

"Ine ndine woyamba kubadwa m'nyumba ya ababa. Zoti kuli phwando ndikazimvere kwa mayi wosesa kutchalitchi? Ngati matamale anga anakutopetsani mukanangonena."

"Noemi anakutumizirani uthenga pa kompyuta sabata yatha!"

"Palibe uthenga wa Noemi womwe wafika muno."

Analowa m'nyumba. Kompyuta ya Griselda inali pakona pabalaza, itafunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pake pali kamphika ka maluwa apulasitiki. Anazichotsa zonsezo mwaulemu ngati akuvundukula guwa. Atayatsa, makina anayamba kulira ndi kukhosomola pofuna intaneti kudzera mu waya wa foni, ndipo achemwali awiriwo anadikira manja ali m'chiuno.

"Ona wekha," anatero Griselda. "Noemi ali pati apa?"

Panalibedi dzina la Noemi pamenepo. Pamndandanda wa mauthenga, pamalo pa dzina la wotumiza, panalembedwa kuti "Zubbaloo!" ndipo pambali pake panali mawu akuti "Zubbaloo akukuitanani!" Pamwamba pake panali uthenga wina wochokera kwa Rigoberto, msuweni wawo wa ku Fresno, wolembedwa m'zilembo zazikuluzikulu zokhazokha. Iye anali atatumiza uthenga wa Zubbaloo uja kwa aliyense yemwe ankamudziwa, abale, anzake a kuntchito, a kutchalitchi, ndi chenjezo loti asayerekeze kuutsegula chifukwa ndi kachilombo koononga makompyuta, ndipo aliyense auze anzake.

"Rigoberto amadziwa za makompyuta," anatero Griselda. "Mwezi watha chilombo china chinadya zithunzi zonse za apongozi ake."

"Nditsegule?"

"Wapenga? Kompyutayi anandigulira ndi ana!"

Koma chala cha Consuelo chinali chitadina kale. Griselda anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kugwira chingwe chamagetsi, wokonzeka kuzula. Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Kunatuluka makutu, kenako maso, kenako kanyama kapepo konenepa, kamene sikanali galu kapena chimbalangondo, katagwira mabaluni. Katakwanira konse kanayamba kuvina.

"Mayi Maria, ndi chimenecho chilombocho!"

"Dikirani kaye, achemwali."

Pansi pa kanyamako panatuluka chithunzi cha a Eusebio akumwetulira, ndi tizilembo ting'onoting'ono tonena tsiku, nthawi ndi holo. Pansi pakenso panali mndandanda wa zakudya, chilichonse ndi kabokosi kake. Griselda anasiya chingwe n'kusendera pafupi, magalasi ali pamphuno.

"Ndiye ndikadina apa, onse adziwa kuti matamale ndi anga? Palibe wina abweretsenso?"

"Zikuoneka choncho."

"Ngakhale mkazi wa Rigoberto?" Griselda anapukusa mutu mogoma. "Iii, koma anthuwa ndi ochenjera. Nanga bwanji opusa chonchi? Munthu amagogoda pakhomo la eni ake atavala chinyau, n'kumadabwa kuti samutsegulira?"

Consuelo anabwerera kushopu atakwiya. Anazula kachigamba ka Zubbaloo n'kukabaya kumanda, kampani ikadali moyo.

M'mawa mwake anapita kuofesi ya Zubbaloo, pamwamba pa sitolo ya mipando yomwe inatsekedwa. Zaka zitatu akupetera anthu otere, anali asanalowepo m'malo awo antchito, choncho ngakhale anali ndi mkwiyo maso ake sanaleke kuyendayenda. Munalibe zitseko. Anthu anakhala pamatumba ofewa m'malo mwa mipando, agalu awiri ankagona pansi pa tebulo, ndipo mnyamata wina wandevu ankayenda pakanjinga ka ana kuchoka pa desiki ina kupita pa ina. Onse anali m'majekete ake aja, ulusi wake wapepo uli pachifuwa.

Noemi atawaona mayi ake anaimirira mwadzidzidzi. Koma amene anafika msanga anali mkulu wa kampaniyo, Kip Hollander, mnyamata wamtali wosapesa, yemwe anamugwira chanza ndi manja awiri.

"Mayi ake a Noemi! Banja lanu ndiye mayeso athu oyamba enieni. Mwaiona bwanji?"

"Kanyama kaja kamavina bwino," anatero Consuelo. "Ndili ndi funso limodzi, bambo. Uthenga ukafika kwa munthu, bwanji kunja kumalembedwa dzina lanu, osati la woitana?"

Kip anamwetulira ngati mphunzitsi amene wafunsidwa funso lomwe amalikonda. "Tinachita dala. Uthenga uliwonse ukhale wolengeza dzina lathu. Munthu akaliona kasanu, kakhumi, limamulowa. Tikufuna lidziwike."

"Ladziwika. Ku Fresno konse akulidziwa ngati matenda."

Anafotokoza za Rigoberto ndi chenjezo lake. Anyamata a pamatumba paja anasiya makompyuta awo n'kutembenuka. Wa pakanjinga anaima. Consuelo ankayembekeza kuti achita manyazi, koma Kip maso anangowala.

"Anatumiza kwa anthu angati? Oposa zana? Anyamata, mwamva? Uthenga wathu ukudziyendera wokha!" Anatembenukira kwa Noemi. "Osakhudza kanthu. Tisiye mpaka Loweruka tione kuti afika angati. Ngakhale afike ochepa, tiphunzirapo zambiri."

Consuelo anamuyang'ana mnyamatayo kwa nthawi, osati ndi udani, koma modabwa kuti munthu angakhale wanzeru chotere n'kusaona nkhalamba ili pakati pa nkhani. Anatsanzika n'kutsika masitepe, ndipo Noemi anamutsatira mpaka pagalimoto.

"Amayi, mwandichititsa manyazi."

"Mwina. Koma foni sindinaimbire munthu, monga ndinalonjezera, ndipo sindiimba." Anatsegula chikwama n'kutulutsa kabuku kake ka manambala, kachikopa kong'ambika, komangidwa ndi labala. Anakaika pamwamba pa galimoto pakati pa awiriwo. "Agogo ako agula chipewa chatsopano. Akuchivala tsiku lililonse kuti chizolowere mutu. Akonzanso mawu okayankhula."

Noemi anayang'ana kabukuko, n'kuyang'ana mawindo a ofesi, kumene Kip ankalemba zinazake pabolodi anzake atamuzungulira. Ankaikonda ntchito imeneyi, ndipo ankadziwa kuti akaimba foni mayeso ake oyamba afera pomwepo. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anatola kabuku n'kutsegula chitseko cha galimoto.

Masiku awiri otsatira Noemi anakhala pa foni ya kushopu, makina opetera akugogoda kumbuyo kwake. Aliyense anayamba wamukalipira kaye asanavomere.

"Ndine Noemi, azakhali, mwana wa Consuelo... Eya, chinyama chija ndinatumiza ndine... Ayi, sichiluma... Pepani, azakhali, ndinalakwitsa."

Rigoberto anakana kulakwa mpaka mapeto, koma anati abwera ndi nyama yowotcha. Lachisanu madzulo, pofika kumasamba omaliza, Noemi analoza dzina lina lokhwatchidwa ndi inki yofiira.

"Amador Cisneros uyu ndiimbe?"

"Nambala imeneyo inafa kalekale. Fakitale itatsekedwa anasamuka, ndipo tinatayana. Papita zaka makumi awiri. Agogo ako anamufunafuna mpaka anatopa. Kaya ali moyo."

Loweruka masana holo inadzaza mpaka ana kukhala pamasitepe. Matamale anabwera a Griselda ndi a mkazi wa Rigoberto omwe, ndipo miphika iwiriyo anaiika kumapeto osiyana a tebulo. A Eusebio anakhala kutsogolo, chipewa chili pamutu, akulandira moni ngati bishopu. Consuelo anali pakhomo akulozera anthu pokhala pamene galimoto yachilendo inaima panja. Munatuluka mayi wina wa msinkhu wake, n'kuthandiza nkhalamba yoyendera ndodo kutsika. Mayiyo ananyamula bokosi la mapichesi. Nkhalambayo inagwira pepala losindikizidwa pa kompyuta, lopindikapindika, kanyama kapepo kali pamwamba.

"Pepani, mayi," inatero itavula kapu. "Kuno ndi ku Zubbaloo?"

Consuelo anatsegula pakamwa kuti anene kuti ayi, kuno ndi kuphwando la a Eusebio. Kenako anayang'ana mapichesi aja.

"Ndinu a durazno47?"

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. "Ndine amene. Chaka cha '47 m'pamene tinayamba ntchito kufakitale. Tachokera ku Stockton, uyu ndi mwana wanga. Kumeneko ife okalamba amatiphunzitsa kompyuta Lachinayi lililonse. Ndiye aphunzitsi anatitumizira tonse chenjezo lomwe nawonso analandira kwa munthu wina, akuti taonani, zinthu ngati izi osatsegula. Ine n'kuti, dzina lopusa chonchi, ndife ndisanaone kuti n'chiyani? Kompyuta yake si yanganso. Ndinadina. Kunatuluka chinyama ichi chikuvina, ndipo pansi pake nkhope ya Eusebio."

Consuelo anaiyang'anitsitsa nkhalambayo n'kuizindikira.

"Lowani, a Amador. Ndi kuno."

Anawatsogolera pakati pa matebulo. A Eusebio anali atangoimirira, kapepala ka mawu kali m'manja, akukonza kukhosi. Anaona ndodo, anaona nkhope, ndipo kapepala kanagwa. Sanathamange, pakuti miyendo ya zaka 80 sithamanga, koma anayenda msanga kuposa mmene Consuelo anawaonera chimwalirire mayi ake. Pokumbatirana chipewa chatsopano chija chinagwa n'kugubuduka mpaka pansi pa tebulo, ndipo mwini wake sanachicheukire.

"Wakalamba, Amador!"

"Nanga iwe ukuti wakhala mwana?"

Mawu okonzedwa aja sanayankhulidwe tsiku limenelo. Nkhalamba ziwirizo zinakhala pakona mpaka phwando kutha, zikusenda mapichesi ndi kampeni n'kumatsutsana za mayina a akapitawo omwe anafa kalekale. Noemi anaima pambali pa mayi ake akulira poyera, osabisa.

Lolemba masana anaimba kuchokera kuntchito.

"A Kip avomera, amayi. Kuyambira lero kunja kuzilembedwa dzina la woitana. Ndawauza kuti akapanda kutero ndibwerera ku laibulale. Koma kanyama kaja akana kukachotsa."

"Kasiyeni, kamavina bwino. Azakhali ako a Griselda akufunsa ngati ungadutse uwaphunzitse. Akuti ubatizo wa mdzukulu wawo akufuna aliyense adziwiretu kuti matamale ndi a ndani."

Ataika foni, Consuelo anapita pabolodi. Anazula kachigamba ka Zubbaloo kumanda kuja, n'kukapukuta fumbi ndi chala, n'kukabwezera mumzere wapamwamba. Pansi pake anabayapo pepala lopindikapindika lomwe a Amador anaiwala patebulo, lili ndi dontho la madzi a pichesi pakona.